Resistance kapena underground: liti ndi liti, ndipo m'Chichewa tinene chiyani?

Lamlungu pa 8 March 1992, m'matchalitchi a Katolika m'Malawi monse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula momwe dziko linkayendera pansi pa chipani chimodzi. Olemba ake sanabisale. Mayina awo anali pa kalata yomweyo, ndipo ansembe anaiwerenga poyera, akazitape ali khale m'mabenchi.

M'miyezi yomweyo munkayendanso mapepala a mtundu wina, opanda dzina la mwini, ochulukitsidwa mwakabisira pa makina a fotokope, ena obwera pa fakisi kuchokera kunja. Unkalandira kwa munthu amene umamukhulupirira, kuwerenga msangamsanga, n'kupatsira wina osafunsa kumene lachokera.

Wolemba mbiri m'Chingerezi angathe kutchula zonse ziwirizi kuti *resistance*. Koma liwu loti *underground* adzalisungira mapepala opanda dzina aja. Mabuku ambiri otanthauzira mawu amawaika pamodzi ngati mapasa, ndipo ife tikamamasulira nkhani za kunja timangowathira onse m'dengu limodzi: ngati gululo sitilikonda timati zigawenga, ngati tikulikonda timati omenyera ufulu. Ndakhala ndikuona zimenezi m'nkhani zomasuliridwa komanso m'zolemba za ana asukulu ophunzira mbiri yakale, ndipo nthawi zambiri chimene chimatayika ndi chenichenicho chimene wolemba woyambayo ankafuna kunena. Kusiyana kwake n'kwakuti *resistance* imakuuzani zimene anthu akukana ndi amene akumukana, pomwe *underground* imakuuzani momwe akugwirira ntchito yawo. Zina zonse zimachokera pamenepa.

Resistance: pali chokankha, pali chokana

Liwuli linachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kuima osasunthika pamene china chikukukankha, ndipo tanthauzo limenelo silinachoke. Wophunzira sayansi amakumana nalo pa magetsi, pomwe waya amakaniza mphamvu kudutsa momasuka. Achipatala amalitchula tizilombo tikasiya kumva mankhwala, monga zinachitikira ndi chloroquine, mpaka mu 1993 dziko la Malawi linamusiya n'kuyamba kupereka SP, uja ambiri tinkamudziwa ndi dzina loti Fansidar. Paliponse pamene liwuli lili, pali mbali ziwiri. N'chifukwa chake m'Chingerezi limakonda kuyenda ndi dzina la mdani kumbuyo kwake: kukana tsankho, kukana asilikali olanda dziko, kukana msonkho.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti m'liwuli mulibe chinsinsi chilichonse. Pa 11 September 1906, Amwenye a ku Transvaal anasonkhana mu Empire Theatre ku Johannesburg n'kulumbira kuti sadzamvera lamulo lowakakamiza kulembetsa ndi kudinda zala zawo. Manyuzipepala a nthawiyo anatcha zimenezi *passive resistance*, dzina limene Gandhi sanakhutire nalo mpaka anapeza lake loti satyagraha. Mu 1908 anthu omwewa anawotcha ziphaso zawo pagulu, atolankhani akuonerera. Mu 1952, pa kampeni yophwanya malamulo a tsankho imene ANC inayendetsa pamodzi ndi bungwe la Amwenye, anthu oposa 8,000 anamangidwa, ndipo ambiri ankachita kudziwitsa apolisi pasadakhale za malo ndi nthawi imene adzaphwanye lamulo. Mphamvu yawo inali pa kuonekera. Akanabisala, kampeniyo ikanakhala yopanda pake.

Ku Norway mu 1942, boma la Vidkun Quisling, lomwe linali m'manja mwa Ajeremani, linalamula aphunzitsi onse kulowa bungwe latsopano lophunzitsa ana mfundo za chipani cha Nazi. Aphunzitsi masauzande analemba makalata okana, aliyense atasaina dzina lake lenileni. Oposa 1,000 anamangidwa, ndipo ena anatumizidwa kukagwira ntchito ya kalavula gaga ku Kirkenes, kumpoto kozizira koopsa. Palibe mfuti imene inalira kumbali ya aphunzitsiwo, koma mabuku onse a mbiri amaika nkhani yawo pansi pa liwu loti *resistance*.

Nanga chinsinsi chinalowamo bwanji? Chinalowa kudzera ku France. Dzikolo litagonja kwa Germany mu June 1940, Charles de Gaulle analankhula pa wailesi ya BBC ali ku London pa 18 June, n'kunena kuti lawi la kukana kwa anthu a ku France lisazime ndipo silidzazima. M'zaka zotsatira munabuka timagulu tambirimbiri, ena osindikiza nyuzipepala monga Combat ndi Franc-Tireur, ena othawitsa oyendetsa ndege a ku Britain amene ndege zawo zinagwetsedwa, ena ophulitsa njanji. Onsewa ankagwira ntchito mobisa chifukwa panalibe njira ina. Nkhondo itatha, dzina loti *the Resistance*, lolembedwa ndi chilembo chachikulu, linakhala ngati la iwo okha. Mpaka lero mukaona liwuli lili lokha chonchi, popanda kutchula dziko, nthawi zambiri wolembayo akunena za France pakati pa 1940 ndi 1944. Chinsinsicho chinabwera ndi nyengo imeneyo. Sichinali m'liwulo kuyambira kale.

Underground: kubisa nkhope, osati uthenga

Tanthauzo loyamba la liwuli agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ankalidziwa ndi thupi lawo: pansi pa nthaka, mu mgodi. Achibale amene ali ku London amalidziwa ngati dzina la sitima zapansi, zimene zinayamba kuyenda mu 1863. Pa ndale limatanthauza anthu amene akupitiriza ntchito yawo m'malo amene maso a boma safika. Anthu a ku Russia ali ndi liwu lawo, *podpolye*, limene limatanthauza kunsi kwa pansi pa nyumba, kumene munthu angabise makina osindikizira.

Kagwiritsidwe ntchito kake kamaulula zambiri. M'Chingerezi munthu amalowa nawo gulu la *resistance*, koma gulu kapena munthu amachita kupita *underground*, ndipo tsiku lina amatha kutulukako. Ndi malo amene umakankhidwirako. Bungwe la ogwira ntchito la Solidarity ku Poland, limene linabadwira ku Gdańsk mu 1980 motsogozedwa ndi Lech Wałęsa, linali lovomerezeka ndi lamulo ndipo linafika pa mamembala pafupifupi 10 miliyoni. Pa 13 December 1981 boma la Wojciech Jaruzelski linaika dziko m'manja mwa asilikali n'kumanga atsogoleri ambiri usiku umodzi. Amene anapulumuka anabisala. Mmodzi mwa iwo, Zbigniew Bujak, anakhala akuzemba apolisi mpaka 1986. Zolinga za bungwelo sizinasinthe ngakhale pang'ono pakati pa 12 ndi 14 December. Chinasintha ndi kagwiridwe ka ntchito, ndipo kusintha kumeneko ndiye kumene liwu loti *underground* limanena.

Chimodzimodzi ku South Africa. Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 March 1960, boma linaletsa ANC ndi chipani china cholimbana ndi tsankho cha PAC pa 8 April. Chaka chotsatira Nelson Mandela anasiya kugona pakhomo pake, n'kumayenda ngati dalaivala kapena wantchito wa kumunda dzina lake David Motsamayi, kufikira atagwidwa pafupi ndi Howick pa 5 August 1962.

Liwuli limagwiranso ntchito ngati mfotokozi, ndipo limamatirira pa chilichonse: nyuzipepala, sukulu, mpingo, wailesi, ngakhale nyimbo zimene wailesi zikuluzikulu siziimba. Ku America m'zaka za m'ma 1800 kunali *Underground Railroad*, imene sinali njanji ndipo sinali pansi pa nthaka. Unali mndandanda wa nyumba ndi anthu othandiza akapolo kuthawira kumpoto ndi ku Canada, makamaka lamulo la 1850 litakhwimitsa zobweza akapolo othawa. Harriet Tubman, yemwe anathawa ukapolo mu 1849, anabwerera kum'mwera maulendo pafupifupi 13 n'kutulutsa anthu pafupifupi 70. Wobisa anthu panyumba pake ankadziwa nyumba yotsatira basi, osadziwa njira yonse.

Kadziwidwe kochepa kameneka ndiko mtima wa nkhaniyi. Gulu logwira ntchito mobisa limadzigawa m'timagulu ta anthu ochepa, limagwiritsa ntchito mayina abodza, nyumba zobisalamo ndi amithenga, kuti mmodzi akagwidwa n'kuzunzidwa asathe kuulula ambiri. Likangophwanya lamulo limeneli, tsoka. Pa 21 June 1943 atsogoleri angapo a ku France anakumana m'nyumba imodzi ku Caluire pafupi ndi Lyon, ndipo Gestapo, apolisi achinsinsi a Ajeremani, inawagwira onse, kuphatikizapo Jean Moulin, munthu amene anali atangokwanitsa kulumikiza magulu osiyanasiyana pansi pa khonsolo imodzi pa 27 May. Moulin anamwalira pasanathe masabata atatu chifukwa cha kuzunzidwa. Pa 11 July 1963 apolisi a ku South Africa anachitanso zomwezo pa famu ya Liliesleaf ku Rivonia, n'kupezanso mapepala amene anagwiritsidwa ntchito pa mlandu womwe unatumiza Mandela ndi anzake ku ndende moyo wonse. Koma kubisala kopyola muyeso nakonso n'koopsa. Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna. Gulu limene anthu sakumva za ilo limafota lokha, n'chifukwa chake pafupifupi magulu onse otere amayamba ndi kusindikiza kapepala. Amafuna kuti dziko lonse lidziwe kuti alipo, koma lisadziwe kuti ndi ndani.

Chofunika kwambiri kwa womasulira ndi ichi: liwu loti *underground* silinena ngati gululo ndi labwino kapena loipa, ndipo silinena n'komwe kuti likufuna kugwetsa boma. A Mboni za Yehova analetsedwa m'Malawi kuyambira 1967 mpaka 1993. Ankasonkhana mobisa, mabuku awo ankalowa mozembetsa, ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique m'zaka za m'ma 1970. Wolemba m'Chingerezi anganene mosakayika kuti mpingowo unapita *underground*. Kuwatcha gulu la *resistance* kungakhale kovuta, chifukwa eni akewo amanena kuti salowerera ndale ndipo sankafuna kusintha boma, ngakhale kuti kukana kwawo kugula khadi la chipani kunali kukana ndithu. Kumbali inayo, gulu la Weather Underground ku America m'zaka za m'ma 1970 linkatchera mabomba m'nyumba za boma, ndipo anthu ochita malonda ozembetsa nawonso amanenedwa ndi liwu lomweli. Dengu lake n'lalikulu, mumalowa oyera mtima ndi akuba omwe.

Poland, kumene mawu onse awiri anakwanira

Ngati mukufuna chitsanzo chimodzi choti chikuthandizeni kukumbukira, tengani Poland pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Dzikolo litagawidwa pakati pa Germany ndi Soviet Union mu 1939, anthu ake sanangopanga gulu lankhondo. Anamanga boma lonse lobisika, lomvera boma lawo limene linathawira ku France kenako ku London. Linali ndi nthumwi ya boma m'dzikomo, nthambi zoyang'anira ntchito zosiyanasiyana, ndi makhoti amene ankazenga milandu ya opereka anzawo kwa adani n'kupereka zilango mpaka za imfa. Ajeremani atatseka masekondale ndi mayunivesite, maphunziro anapitirira m'nyumba za anthu, ophunzira ochepaochepa pa tebulo la m'khitchini, ndipo mayeso ankalembedwa. Kumapeto kwa 1942 kunakhazikitsidwa bungwe la Żegota lothandiza Ayuda kubisala. Nthambi yankhondo, Armia Krajowa, inali ndi anthu oposa 300,000 pofika 1944.

Dzina lake m'Chingerezi ndi *Polish Underground State*, ndipo silikanatheka ndi liwu linalo. Mphunzitsi wa masamu wophunzitsa ana asanu m'chipinda chotseka makatani ankachita ntchito imene ankachita nkhondo isanayambe, kungoti tsopano mobisa. Liwu loti *underground* limamukwanira iyeyo, woweruza, wosindikiza mabuku ndi msilikali yemwe. Ndiyeno pa 1 August 1944 Armia Krajowa inatuluka poyera ku Warsaw, asilikali ake atavala nsalu zoyera ndi zofiira pamkono, n'kumenyana ndi Ajeremani masiku 63. M'masiku amenewo sanalinso obisika. Kukana kwawo kunafika pachimake pa nthawi yomwe kubisala kunatha.

ANC nayo inkasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi. M'zaka za m'ma 1980, likulu lake lili ku Lusaka, inkanena za mizati inayi ya nkhondo yake: kulimbikitsa anthu ambiri kuchita zionetsero ndi kunyanyala, ntchito yobisa ya m'dzikomo, nkhondo ya zida ya nthambi yake yankhondo ya Umkhonto we Sizwe, ndi kuchititsa maiko ena kusala boma la tsankho. Ntchito yobisa inali mzati umodzi chabe. United Democratic Front ya ku South Africa (osati UDF ya kwathu kuno), imene inakhazikitsidwa mu August 1983 ku Mitchells Plain pamaso pa khamu la anthu, inali mbali ya kukana komweko koma inali poyera. Choncho liwu loti *resistance* ndi denga, ndipo *underground* ndi chipinda chimodzi cha m'nyumbamo, ngakhale kuti chipinda chomwecho chimapezekanso m'nyumba zina zosakhudzana ndi ndale.

Dzina limene aliyense amalilimbirana

Apa ndi pamene ndimachenjeza kwambiri anzanga omasulira. Chifukwa cha mbiri ya France, liwu loti *resistance* linatenga ulemu. Wodzitcha choncho akunena kuti iye sanayambe ndewu, kuti ndi woponderezedwa, kuti mnzakeyo ndi wolanda. Ndi chiweruzo chobisika m'dzina. Ndiye yang'anani amene analitola.

Renamo, m'Chingerezi, ndi *Mozambican National Resistance*. Gululi linayamba m'zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi akazitape a boma la azungu la Rhodesia, kenako South Africa, ndipo boma la Frelimo linkangolitcha achifwamba okhala ndi zida. Anthu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza safuna kuuzidwa zimene nkhondoyo inachita, chifukwa analandira othawa kwawo amene m'dziko lonse anafika pafupifupi miliyoni imodzi mgwirizano wa mtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 October 1992. Ku Uganda, Joseph Kony anatcha gulu lake lobera ana *Lord's Resistance Army*. M'dziko lomwelo Yoweri Museveni analowa m'tchire mu 1981, analanda Kampala mu January 1986, ndipo chipani chake chikulamulabe ndi dzina loti *National Resistance Movement* (NRM), ngakhale kuti apolisi, asilikali ndi ndende zonse zili m'manja mwake. Ku South Africa, gulu la azungu okonda tsankho la Eugène Terre'Blanche, AWB, dzina lake likamasuliridwa m'Chingerezi ndi *Afrikaner Resistance Movement*. Dzina la gulu la ku Palestine loti Hamas nalonso ndi chidule cha mawu a Chiarabu okhala ndi liwu lomweli.

Sindikunena kuti magulu onsewa ndi ofanana. Ndikunena kuti liwulo likakhala m'dzina la gulu, ndi zonena za eni ake, ndipo womasulira amene angalisandutse "omenyera ufulu" wasainira zonenazo m'malo mwa owerenga ake. Mbali inayo ilinso ndi msampha wake. Ajeremani ankatcha anthu a ku France aja zigawenga, ndipo mu 1944 anamata zikwangwani zofiira m'misewu ya Paris zowatcha gulu lankhondo la upandu. Dzina la Mandela linachotsedwa pa mndandanda wa America wa anthu okayikiridwa za uchigawenga mu 2008, patatha zaka zambiri atapuma pa upulezidenti.

Liwu loti *underground* lilibe vuto limeneli kwenikweni. Palibe chipani cholamula chimene chingadzitche choncho, chifukwa ndi chinthu chimene ungachitsimikize: kodi atsogoleri akugona kwawo kapena ayi, kodi nyuzipepala yawo ili ndi keyala kapena ilibe. N'chifukwa chake ineyo, pamene sindikudziwa bwino mbiri ya gulu, ndimadalira liwu limeneli kuposa linzakelo.

Pali mawu ena oyandikana amene amasokonezanso, koma sachedwetsa. *Guerrilla* ndi liwu la Chisipanishi lotanthauza kankhondo kakang'ono, lochokera pa nthawi imene anthu a ku Spain ankavutitsa asilikali a Napoleon pakati pa 1808 ndi 1814, ndipo limanena za kamenyedwe kobisalira ndi kuthawa. *Partisan* pa nkhani za nkhondo ndi womenya nkhondo m'nkhalango kumbuyo kwa adani, monga anthu a Tito ku Yugoslavia, koma pa ndale za masiku ano limangotanthauza wokondera chipani chake, choncho samalani nalo. *Dissident* ndi munthu wotsutsa ndi mawu, kawirikawiri m'dzina lake lenileni, monga Václav Havel ndi anzake amene anasaina Charter 77, chikalata chodzudzula boma chimene chinatuluka ku Czechoslovakia mu January 1977. *Opposition* ndi otsutsa ovomerezeka, a m'nyumba ya malamulo.

Tsono m'Chichewa

Tiyambe ndi njira yoipitsitsa, yomwe ndi kumasulira liwu ndi liwu. Mukalemba kuti "mu 1960 ANC inalowa pansi", Mchewa aliyense amva kuti chipanicho chinatha mphamvu, monga timanenera kuti bizinesi yalowa pansi kapena maphunziro alowa pansi. Tanthauzo latembenuka, chifukwa Chingerezicho chikunena kuti chipanicho chinapitiriza kukhalapo. "Gulu la pansi pa nthaka" nalo limangobweretsa chithunzi cha mgodi kapena manda.

"Gulu lachinsinsi" ndi loyandikirako, ndipo ambiri amaligwiritsa ntchito, koma ine silindikhutiritsa. Limamveka ngati gulu limene likubisa kuti liliko, la malumbiro ndi miyambo yosaululika, pomwe taona kuti anthuwa amafuna kumveka. Limasowanso mbali ija ya kukankhidwa, yakuti analetsedwa. Chimene ndimasankha ndi kusandutsa liwulo kukhala mneni: "chipanicho chitaletsedwa chinayamba kugwira ntchito mobisa", "nyuzipepala yosindikizidwa mwakabisira", "ankaphunzitsa ana mwamseri", "anasiya kuonekera, n'kumayendetsa zinthu ali kobisala". N'kotalikirapo, koma Chichewa chimanyamula zinthu ndi mneni, ndipo owerenga amaona chimene chikuchitika. Mawu oti "kulowa m'tchire" asungireni a mfuti, monga Museveni mu 1981 kapena Henry Chipembere ndi anthu ake ku Mangochi mu 1965. Mandela wa 1961 sanali m'tchire, anali m'mafulati ndi m'mafamu a pafupi ndi Johannesburg.

Pa *resistance* pali njira zisanu zimene ndimaziona, ndipo zinayi zili ndi chilema. "Zigawenga" ndi chigamulo cha khoti, osati kumasulira, ndipo amene anakula nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira momwe liwuli linkamatidwira pa aliyense wosiyana maganizo ndi boma. Ligwiritseni ntchito pokhapokha mukunena kuti wakutiwakuti ndiye anawatcha choncho. "Omenyera ufulu" ndi chigamulo cha mbali inayo, ndipo masiku ano limakumbutsa anthu za mabungwe a ufulu wachibadwidwe ochititsa misonkhano ya atolankhani, zomwe n'zosiyana kutali ndi munthu wophulitsa njanji usiku. Limakwanira pa Tubman kapena pa aphunzitsi a ku Norway ngati inuyo mwasankha kuima nawo, koma dziwani kuti mwasankha. "Oukira boma" limakhala bwino pa Renamo kapena pa gulu la Kony, chifukwa kuukira ndi kudzukira ulamuliro wa kwanu komwe. Pa France kapena Poland silikwanira bwino, popeza amene ankamenyedwa kwenikweni anali asilikali a dziko lina, ndipo anthu a ku Poland aja ankamvera boma lawo lenileni. "Otsutsa boma" ndi lofewa kwambiri, lingachititse owerenga kuganiza kuti Jean Moulin anali phungu.

Yachisanu, imene ndimaikonda, ndi kutchula mdaniyo: "magulu olimbana ndi ulamuliro wa Ajeremani ku France", "anthu okana malamulo a tsankho", "aphunzitsi amene anakana kulowa bungwe la Quisling". Mneni woti kukana amakwanira pomwe panalibe zida, ndipo kulimbana amanyamula zonse, za zida ndi zopanda zida. Ubwino wake ndi wakuti mumakakamizika kufufuza kuti ankalimbana ndi ndani, ndipo mukalephera kuyankha funsolo ndiye kuti nkhaniyo simunaimvetse. Liwulo likakhala m'dzina la chipani, musalimasulire n'komwe. Lembani Renamo, NRM kapena AWB, kenako fotokozani zimene gululo linachita.

Mawu onse awiri akapezeka m'chiganizo chimodzi, monga zimachitikira kawirikawiri m'mabuku a mbiri, musatayepo limodzi poganiza kuti wolemba wangobwereza. Akunena zinthu ziwiri: kuti anthuwo ankalimbana ndi ulamuliro, ndiponso kuti ankatero mobisa.

Kalata ya maepiskopi ija inadutsa m'mawu onse awiri m'sabata imodzi. Patangopita masiku ochepa boma linalengeza kuti ndi chikalata choukira ndipo kupezeka nacho ndi mlandu. Pepala lomwe linawerengedwa pa guwa linayamba kubisidwa pansi pa mphasa ndi m'madenga, n'kumachulukitsidwa usiku ngati mapepala opanda dzina aja. Chakufwa Chihana anasankha njira ya poyera: anatsika ndege ku Lilongwe pa 6 April ali ndi mawu oti awerenge, n'kumangidwa pabwalo la ndege pomwepo. Ena ankakumanabe m'nyumba mobisa, ndipo chaka chisanathe AFORD ndi UDF zinatulukira poyera ngati magulu ofuna kusintha. Pofika pa riferendamu ya 14 June 1993 ankachititsa misonkhano m'mabwalo, chizindikiro cha nyali chili m'manja, ndipo liwu la Chingerezi lowayenera linali litasanduka *opposition*.